Imvi za Achimwene

9 Malichi

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanja limene limadandaula ndikaima nthawi yaitali pa tebulo lositira. Kaya inu kumeneko? Foni yanu ndaimba kangapo koma simuyankha, ndiye ndati ndingolemba, poti zolembedwa siziiwalika. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, uja wosowa dzino lakutsogolo.

Nkhani ndi iyi. Sabata yatha anatiitana tonse ogwira ntchito pachipatala cha boma pano, kuyambira madokotala mpaka ife a kochapira, kuti tikamve za penshoni. Kunabwera bambo wina wa tayi wochokera ku ofesi ya penshoni, atanyamula chipepala chachikulu chojambulidwa mizere iwiri, wina wokwera, wina wotsika. Wokwerawo akuti ndi anthu opuma pa ntchito. Wotsikawo ndi achinyamata amene boma likuwalemba ntchito. Anati thumba la penshoni limadzazidwa ndi amene akugwira ntchito lero, ndiye othiramo akuchepa pamene otapamo akuchuluka, komanso otapawo masiku ano sakufa msanga.

Bambo wina wokankha machira anaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Ndiye bwana, mukufuna tizifa liti kuti zinthu ziyende bwino?" Holo yonse inafa nako kuseka. Ine sindinaseke. Maso anga anali pamene mizere ija yakumana, ndipo mmene ndinaonera ine, yakumana pafupi ndi chaka chimene ndidzapume.

Pomaliza bambo wa tayi uja anati amene akufuna akhoza kusiya ntchito chaka chino n'kulandira zake kamodzi, koma akatero za mwezi ndi mwezi asadzaziyembekezere. Mafomu ake akufunika mwezi wa Epulo usanathe.

Achimwene, ine zanditsalira zaka zinayi. Mukudziwa kuti ndilibe mwana woti adzandisunge, ndipo chipinda chimene ndikugonachi ndi cha eni. Zaka zonsezi ndakhala ndikusita nsalu za pabedi ndi mtima umodzi, kuti kutsogolo kuli penshoni. Tsono inu amene munapuma kale mundiyankhe izi:

Choyamba, kodi penshoni yanu ikubwerabe mwezi uliwonse?

Chachiwiri, ikubwera yonse kapena yodulidwa?

Chachitatu, anzanu amene munkasalaza nawo misewu aja akuti chiyani?

Chonde muyankhe motsatana, musasakanize monga mumachitira.

Ndine mlongo wanu.

28 Malichi

Iwe Nankhawa,

Moni, moni! Dzina limene ndinakupatsa uli kamwana lija silinalakwike. Kalata yako ndaiona, koma zilembo zako zikucheperachepera chaka ndi chaka. Kodi ukulemba ndi bolopeni kapena ukungoyendetsa nyerere papepala? Chimene ndagwirapo ndi bondo ndi penshoni. Bondolo uzilipaka mafuta otentha aja.

Ine kuno ndili gwa, kuposa kale. Njinga ija ndaikonzetsa, ndikumakwera mtunda wa kusukulu osatsika. Anthu akumatembenuka kuti kodi ameneyu ndani. Foni ili bwinobwino, kungoti mabatani ake achepa masiku ano, ndikadina pamodzi akumadinika awiri.

Za penshoni wafunsazo, mwezi watha sinabwere, uno sinabwerenso. Ku ofesi kwawo ndinapitako. Zimene anandiuza kumeneko sindingazilembe m'kalata, ndidzakuuza pamaso. Ungodziwa kuti chibadwire sindinauzidwepo mawu ngati amenewo, ndipo ndinatulukamo ndikuseka ndekha mpaka pamsewu.

Tsono tamvera, mlongo wanga wabwino. M'tauni mwanumo undiyang'anireko malaya. Asakhale otuwa ngati a wopuma pa ntchito ayi, akhale owala, amaluwa ngati alipo. Kukula kwake ukukudziwa. Ukapezanso mafuta onunkhira a amuna, kabotolo kakang'ono, usakasiye. Ndidzakubwezera zinthu zikakhala bwino.

Usamaganize kwambiri. Iwe ukhoza kudera nkhawa ngakhale dzuwa kuti mawa lidzaiwala kutuluka.

Ndine mchimwene wako.

6 Epulo

Okondedwa achimwene,

Moni. Kalata yanu ndailandira ndipo ndaiwerenga mobwereza. Chiilandirireni sindikuona tulo bwino.

Ndiye kuti zayambika. Bambo wa tayi uja ankanena ngati ndi za kutsogolo, chonsecho thumba lang'ambika kale. Miyezi iwiri osalandira kanthu, inu n'kumaseka pamsewu! Achimwene, kuseka kotero ndimakudziwa, ndimakuona kuchipatala kuno munthu akauzidwa nkhani yoposa mutu wake. Zilembo zanunso zandiopsa. Ndi zikuluzikulu ngati za mwana wa sitandade wani, ndipo zikukwera phiri. Kodi mukudya? Mu katoni iyi ndaikamo shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Malaya ndagula, ndawachapa n'kuwasita. Maluwa ake ndi ofiira. Sindikumvetsa kuti munthu wopanda penshoni akufuniranji malaya amaluwa, koma ndati mwina akusangalatseni mtima. Mafuta onunkhira sindinagule. Amenewo sadyedwa.

Kalata yanu ndinawaonetsa abwana athu a kochapira, mayi aja timawatcha a Sitachi chifukwa cha kuuma kwawo. Anaiwerenga ataimirira pakati pa makina ochapira, n'kuti, "Achimwene anuwa alibe vuto la penshoni, ali ndi vuto lina." Ndinafunsa kuti lanji, iwo anangoti, "Malaya amaluwa, mafuta onunkhira, njinga. Mayi, inu simunakhalepo ndi moyo kodi?" Sindinawamve, ndipo sindinafune kufunsanso pagulu.

Ine ndaganiza. Kuli bwino nditenge zochepa zimene zilipo lero kusiyana n'kudikira zaka zinayi n'kukapeza m'thumba muli mphepo. Fomu yosiyira ntchito ija ndatenga. Ndikudziwa kuti zolandira kamodzizo sizingandifikitse patali, ndipo ndikaganiza zosiya tebulo langa, ndi simbi yanga yaikulu imene ndimaidziwa kutentha kwake pongoyandikiza tsaya, ndimadandaula kwambiri. Koma nanga nditani?

Ngati pali chifukwa china chimene penshoni yanu yaimira, MUNDIUZE MWEZI UNO USANATHE. Ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti musanamizire nyerere.

Mafunso anga atatu aja mwayankha limodzi lokha.

Ndine mlongo wanu.

17 Epulo

Achimwene,

Moni. Tsiku lililonse ndikumapita kukafunsa kondakitala, iye n'kumangotambasula manja. Akuti katoni anakupatsani m'manja, ndipo akuti munali mutavala chipewa chotsikira m'makutu dzuwa lili phwee. Kodi mutu ukukupwetekani?

Fomu ija ndinailemba Lamlungu, mosamala, poyamba ndi pensulo kenako ndi bolopeni. Lolemba poitulutsa m'chikwama ndinapeza yakwinyika pakona. Inu mukundidziwa, sindingapereke chinthu chokwinyika ku ofesi ya boma. Ndinaiyala pa tebulo, ndinaikapo kansalu pamwamba, n'kudutsitsapo simbi kamodzi kokha. Nthawi yomweyo wina anandiitana kuti makina akutaya madzi. Pobwerako, achimwene, pamene panali dzina langa panali chizindikiro cha simbi, chofiirira, ndi kamphuno kake komwe.

Zaka zonsezi sindinawotchepo ngakhale kansalu ka pilo. Anzanga aseka mpaka kukhala pansi pa mulu wa zochapa. A Sitachi anainyamula fomuyo ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "Simbi yakana. Mwagwira nayo ntchito nthawi yaitali, yasainira ndi iyo."

Ku ofesi akuti mafomu atha, ena abwera sabata yamawa. Akangofika ndilemba ina, ndipo ndidzainyamula pakati pa makatoni awiri kuti isakwinyike. Mukapanda kuyankha ndidziwa kuti zinthu zaipa kuposa mmene ndikuganizira.

Ndine mlongo wanu.

21 Epulo

Zikomo mayi,

Moni, ngakhale simukundidziwa. Ndine wosoka zovala, makina anga ali pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi siteji ya basi. Amuna anga anamwalira kalekale. Ndikulemba mothamanga kuti kalatayi ipite ndi basi ya mawa, ndiye mukhululuke ngati ndalumpha ulemu wina.

FOMUYO MUSALEMBE. Penshoni sinathe. Chimene chatha ndi nzeru za achimwene anu, ndipo mwina ine ndili ndi mbali pamenepo.

Chaka chatha anayamba kubwera ndi thalauza loti ndilifupikitse. Ndinafupikitsa. Anabweranso nalo, ndinafupikitsanso. Ulendo wachitatu ndinawauza kuti, "Bambo, nenani chimene mwadzera, thalauzali latsala pang'ono kusanduka kabudula." Ananena za chikondi, ndipo ine sindinakane. Kungoyambira pamenepo munthu anasintha. Magalasi anawatsekera m'kabati, akuti amawakalambitsa. Kenako tsiku lina anatulukira mutu uli bii, ndevu zili bii, ngakhale nsidze. Anagula mankhwala odetsa tsitsi. Makolala a malaya awo onse ada, ndipo kukatentha thukuta lawo limatsika lakuda, n'chifukwa chake chipewa chija.

Tsono mu Januwale kunali kalembera wa opuma pa ntchito, uja amachita chaka ndi chaka kuti aone amene akadali moyo. Makina oyeza zala anali atawonongeka, ndiye ankangoyang'ana chithunzi cha pachiphaso. Pachiphaso pali mkulu wa imvi mutu wonse, wa magalasi. Kutsogolo kwa kalaliki kwaima munthu wa tsitsi lakuda ngati khala. Kalalikiyo akuti anayang'ana chiphaso, n'kuyang'ana munthu, n'kunena kuti, "Achimwene, pitani mukatenge bambo anu. Ngati anamwalira ingonenani, musatiyese ana."

Mukuganiza kuti anakangana naye? Ayi ndithu. Anafunsa kuti, "Mwati ndikuoneka ngati mwana wa ameneyu?" Kalaliki anati inde. Iwo anathokoza, n'kupalasa njinga molunjika kwa ine kudzandiuza, nkhope ili ngwee. Anandigulira ndi chakumwa chomwe. Ku ofesi kuja dzina lawo analiika pambali mpaka mwini wake adzaonekere, ndipo penshoni inaima pomwepo. Anzawo onse akulandira. Mwezi wina imachedwa, amadandaula, koma imafika.

Makalata anu sanawawerenge bwino ndi imodzi yomwe. Dzulo ndinawapeza atatambasula mkono wonse, kalata ili kutali uko, ndiponso mozondoka. Ndinawalanda n'kuwerenga mokweza. Nditafika pa fomu ndinaona munthu akukhala pansi pang'onopang'ono. Anati, "Mwana uja asiya ntchito chifukwa cha mutu wangawu?" Ndinati eya, ndipo lumo ndi ili.

Tawameta mpala, mayi, ndi ndevu zomwe. Nsidze tazisiya, zidziwa zokha. Tsopano tikudikira kuti imvi zimere, ndipo magalasi atuluka m'kabati. Ine sindinawapemphepo tsitsi lakuda. Tsiku loyamba kubwera ndi thalauza lija anali ndi imvi zawo, ndipo ndinalifupikitsa mosalipiritsa.

Za mizere yanu iwiri ija sindingatsutse, mwina bambo wa tayiyo akunena zoona. Za zaka zinayi zikubwerazo palibe akuzidziwa. Koma ndaona malaya munatumiza aja. Mzere wa pamkono uli ngati mpeni, kolala ili chilili. Ine ndimasoka bwino, koma kusita kumandigwetsa ulesi, ndipo makasitomala amandinena. Pakhonde pano pali malo a tebulo lina. Mukadzapuma pa nthawi yake, penshoni ikadzakhalapo tidzathokoza, ikadzachepa simbi idzawonjezera. Muganizire, sindikukukakamizani.

Ndine amene mwina mudzanditcha alamu, mukadzandiona n'kukhutira.

3 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Taona mmene zilembo zawongokera. Ndavala magalasi, ndipo ndapeza kuti iwe umalemba bwino kwambiri. Nyerere zija zinali m'maso mwanga.

Ndiyankhe motsatana monga unapempha.

Choyamba, penshoni ibwera kumapeto a mwezi uno pamodzi ndi ya miyezi inaima ija.

Chachiwiri, ibwera yonse. Yonseyo ndi yochepa, sindikunamiza, sikuthamanga mofanana ndi mitengo ya zinthu m'sitolo. Koma ndi imene yandisunga chipumireni.

Chachitatu, anzanga osalaza misewu akuti ndine chitsiru. Za thumba la penshoni akuti nawonso amamva pa wailesi ndipo amaopa, koma pakali pano nkhani imene ikuwakomera ndi ya mutu wanga.

Ku ofesi ndinapita dzana, imvi zitangoti tuu ngati mchere wowaza. Ndinapeza kalaliki yemwe uja. Anayang'ana chiphaso, anandiyang'ana, n'kuimirira kundipatsa mpando. Akudinda pepala anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Bambo, ndikuuzeni mwachinsinsi. Kunabwera mwana wanu kuno ndi chiphaso chomwechi, ankafuna kukudyerani. Mwafanana kwambiri, koma iye maso ake ndi achinyengo. Muzibisa zinthu zanu."

Ndinati, "Mwana ameneyo wandivutitsa kokwanira. Ndamuthamangitsa, sadzabweranso."

Anandigwira chanza, akuti ndachita bwino.

Nankhawa, nthabwala pambali. Ndikanakutayitsa ntchito ndi penshoni yomwe chifukwa chofuna kuoneka mnyamata. Pepa, mlongo wanga. Ndiuze msanga kuti fomu yachiwiri ija sunapereke, chifukwa atelala akuti ukakhala kuti wapereka, ukwati kulibe, ndipo thalauza lija alidula lifike m'mawondo.

Malaya amaluwa akundikhala bwino, ngakhale ndi mpala.

Ndine mchimwene wako, wa imvi.

11 Meyi

Okondedwa achimwene, ndi inu alamu,

Moni nonse awiri. Ndalemba kuti alamu ndisanakuoneni, chifukwa munthu amene anatha kuwameta achimwene angawa ndakhutira naye kale.

Mtima ukhale pansi, thalauza lisadulidwe. Kalata ya alamu inandipeza mafomu atsopano atafika, yanga nditailemba kale ndi pensulo, kutangotsala bolopeni. Ndinaiwerengera m'chipinda chosungira nsalu zoyera, nditatseka chitseko. Nditafika pa nsidze ndinaseka mpaka a Sitachi anagogoda kufunsa ngati ndakomoka. Nditawafotokozera anati, "Ndinakuuzani ine. Mwamuna akafuna malaya amaluwa musamayambe mwaimba mlandu boma." Fomu ndinafufuta bwinobwino n'kukaibweza yoyera, mwina ithandiza wina. Yopsa ija anzanga aikhoma pakhoma pamwamba pa tebulo langa.

Koma musaganize kuti nkhawa yatha. Bambo wa tayi uja anabweranso kudzatenga mafomu, ndipo ine, amene sindiyankhula pagulu, ndinamutsatira mpaka pakhomo. Ndinati, "Bwana, mundiuze zoona, ine ndikadzafika m'thumbamo mudzakhala kanthu?" Anati aboma akukambirana, mwina adzawonjezera zaka zogwira ntchito, mwina azidzadula zambiri pa malipiro, mwina zolandira zidzachepa. Anati, "Mayi, sindingakulonjezeni. Nanenso ndikudikira thumba lomwelo." Ndinaona kuti kolala yake inali yosasita bwino, ndipo ndinamumvera chisoni.

Ndiye ndaganiza chonchi. Zaka zinayizi ndigwira, bondo lifune lisafune. Loweruka ndayamba kusitira anthu a pamdadada pathu, ndipo zimene ndizipeza ndizisunga kuti ndidzagule simbi yangayanga yolemera ngati ya kuntchito. Alamu, malo a tebulo aja musapatse wina. Mundiuzeko izi: choyamba, kutalika kwa khondelo, chachiwiri, ngati pali poti n'kulumikiza magetsi, chachitatu, ngati denga lake silidontha. Inu ndikudziwa kuti muyankha motsatana.

Tsiku la ukwati mundiuze nthawi ikadalipo kuti ndipemphe tchuthi. Zovala zonse za tsikulo ndidzasita ndine, wina asazikhudze.

Achimwene, mankhwala otsala aja mutaye, ndipo musayerekeze kunditumizira. Dzulo popesa ndapeza imvi pamwamba pa khutu lakumanzere. Kale ndikanazizula. Pano ndazipaka mafuta n'kuzigoneka bwinobwino. Zimenezi ndi zimene adzandidziwire ku ofesi kuja.

Ndine mlongo wanu,
Nankhawa.